Chaka chimene tinkayeza mvula ndi mabotolo

Koleji imene ndinkaphunzitsako inali yaing'ono, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Boma kulowera ku Muloza. Kuseri kwa makalasi kunali minda ya tiyi, kuseri kwa tiyiyo kunali phiri. Inali koleji ya zaulimi, koma aliyense wa chaka choyamba ankayenera kudzera kwa ine pa masamu ndi sayansi. Malo ogona ophunzira panalibe. Onse ankayendera, ena pa njinga zawo, ena pa kabaza, ena pa minibasi, moti tsiku la mvula m'kalasi munkanunkha nsapato zonyowa mpaka masana.

Tinali ndi chipinda chimene tinkachitcha labu. Munali matebulo aatali, mpopi wosatulutsa madzi, sikelo imodzi, ndi kabati ya mabotolo a mankhwala amene zolemba zake zinafufutika ine ndisanabwere. Kawirikawiri ndinkangolemba pa bolodi, ophunzira n'kumakopera, ndipo palibe amene ankadandaula.

Chaka china oyang'anira maphunziro analamula kuti malikisi asamachokere pa mayeso omaliza okha. Gawo lina lizichokera pa ntchito imene wophunzira wagwira ndi manja ake m'kati mwa teremu. Anatiitanira ku msonkhano ku Blantyre, kumene anatiuza kuti m'kalasi wophunzira azilankhula kuposa mphunzitsi, ndiponso kuti tiziyamba tamva maganizo ake tisanamuuze yankho. Pobwerera, ndili m'basi, ndinkaganiza za ntchito imene kalasi yonse ingagwire popanda zipangizo. Titafika pa Luchenza mvula inayamba kuwomba magalasi, ndipo ndinaganiza kuti tiziyeza imeneyo.

Dzinja linali likungoyamba. Ndinauza aliyense kuti abwere ndi botolo lalikulu la pulasitiki, la zakumwa zija. Koma tisanayambe kudula mabotolowo, ndinaika pa tebulo chitini chachikulu cha penti ndi kachitini ka mkaka, zonse zopanda kanthu.

"Tikazisiya panja zonse ziwiri, mvula n'kugwa, madzi adzakwera kwambiri m'chiti? Musayankhe pakamwa. Amene akuti m'chachikulu akweze dzanja."

Pafupifupi kalasi yonse inakweza. Ochepa anati m'kakang'ono, poti sikachedwa kudzaza. Amene anati madzi adzalekeza pofanana anali awiri okha, ndipo mmodzi anatsitsa dzanja ataona kuti anzake akumuyang'ana.

"Tsopano aliyense apeze munthu amene akusiyana naye maganizo, ayese kumukopa."

Mmodzi anayamba, wina n'kumutsutsa, ndipo posakhalitsa munali phokoso ngati pa msika wa Limbuli. Mmodzi yekha ndiye sanatembenukire kwa aliyense. Anali mnyamata wa ku Milonde, wamtali, wa malaya osita tsiku lililonse, amene ankakhala kutsogolo. Anakhoza bwino kwambiri Folomu 4, ndipo tonse tinkadziwa kuti anabwera kwa ife chifukwa malo ku yunivesite sanapezeke. Anadikira phokoso lichepe, n'kukweza dzanja.

"Aphunzitsi, yankho lolondola ndi liti?"

"Zitinizi tizitulutsa panja. Mvula ikagwa tiona."

"Nanga ikapanda kugwa lero, tilemba chiyani?"

"Lembani zimene mukuganiza, ndi chifukwa chake."

"Zimene ndikuganiza ine sizidzabwera pa mayeso."

Ena anaseka. Iye sanaseke.

Mvula inagwa mawa lake masana. Titaviika rula m'zitini zonse ziwiri, madzi analekeza pofanana. Ndinawasiya ophunzira afotokozerane okha, mpaka anagwirizana kuti chitini chachikulu chimalandiradi madzi ambiri, koma madziwo amayala pamalo aakulu. Mnyamata wa ku Milonde ndiye anapita pa bolodi n'kusonyeza zomwezo ndi masamu, m'mizere yochepa, mosaphonya. Pobwezera choko anati, "Mukanatiuza dzulo, bwenzi pano tili pa mutu wina."

Tsiku lomwelo tinakonza mabotolo. Tinkadula botolo cha kumutu, n'kutembenuza mutuwo kuti ukhale ngati fanulo. Pansi tinkaika timiyala kuti mphepo isaligwetse, n'kuthira madzi mpaka pa mzere woyambira. Aliyense anapita nalo kwawo kukaliimika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, kuti m'mawa uliwonse aziyeza, kulemba, n'kukhuthula. Ndinawagawa m'magulu mosakaniza, kuti gulu lililonse likhale ndi anthu ochokera mbali zosiyana: wa ku Muloza, wa ku Milonde, wa ku Mishoni, wa ku Boma. Lolemba lililonse gulu linkaika manambala ake pa galafu, pa chipepala chachikulu chomata ku khoma la labu.

Pasanathe milungu yambiri anandiitana akulu a koleji. Anali bambo achikulire amene anagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi asanayambe uphunzitsi, ndipo ankalankhula motsitsa mawu.

"Ana akuti simukuwapatsa manotsi."

"Ana ake ati?"

"Ana basi. Akuti akumabwera kuno kudzaphunzitsana okhaokha, inu muli chiimire kumbuyo."

Ndinawafotokozera za ku msonkhano kuja. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mabotolowo pitirizani. Koma Lachisanu muziwalembera kena kake pa bolodi. Makolo akatsegula kope amafuna kuonamo inki."

Ndinachita zomwezo. Lachisanu linakhala tsiku la manotsi, ndipo tsiku limenelo palibe amene ankajomba.

M'gulu la mnyamata uja munali mayi ena a ku Muloza, a zaka pafupifupi zanga. Anasiya sukulu kalekale, anachitapo geni ya zitenje zooda ku Milange, kenako anabwerera ku sekondale ya masana ana awo atayamba kukula. Amuna awo ankathyola tiyi. Masamu a zilembo ankawavuta kwambiri, ndipo akamawerengera chamumtima milomo yawo inkayenda m'Chipwitikizi, poti pulayimale anayambira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Pomaliza phunziro lililonse ndinkapempha aliyense alembe pa kapepala chinthu chimodzi chimene sanamve. Mnyamata uja ankangolemba kuti "Palibe." Mayiwa ankadzaza kapepalako mbali zonse ziwiri.

Manambala awo a mvula ankaposa a anzawo onse m'gulumo, sabata ndi sabata. Lolemba lina mnyamata uja, amene anali mtsogoleri wa gulu, anakana kuwalemba pa galafu.

"Achemwali, botolo lanu lili pansi pa denga."

"Lili pakati pa bwalo."

"Ndiye ana anu akumathiramo madzi."

"Ana anga ndinawauza kale. Saliyandikira n'komwe."

Anatembenukira kwa ine kuti ndigamule. M'malo mwake ndinafunsa kalasi yonse kuti tingadziwe bwanji ngati vuto ndi botolo, munthu, kapena mvulayo. Anakangana nthawi yaitali. Pomaliza anagwirizana kuti mtsikana wina wa gulu lina, amene kwawo kunali kufupi ndi kwa mayiwo, atenge botolo la mnyamatayo akaliimike kwawo kwa sabata imodzi. Manambala atabwera anali ofanana-fanana ndi a mayiwo. Mnyamata uja anawayang'ana, n'kuwalemba pa galafu. Kuchokera pamenepo anayamba yekha kufufuza ngati mvula ya ku Muloza inkaposa ya kwawo ndi mlingo wofanana nthawi zonse. Ntchito imeneyo palibe anamutuma.

Mu Malichi munabwera mvula ija imene aliyense wa kuno amaikumbukira. Inagwa masiku angapo osalekeza, usana ndi usiku, pamodzi ndi mphepo. Magetsi anazima, mafoni anasiya kugwira. Ku phiri kunkamveka kugunda ngati malole olemera akudutsa pa mlatho, ndipo madzi anatsika ndi matope, mitengo ndi miyala yoposa nyumba. Anthu ankangoti napolo wadutsa. Milatho ina inapita, ndipo koleji inatsekedwa popanda wolengeza, poti panalibe amene akanafikako.

Titatsegulanso, mipando yambiri inali yopanda anthu. Ophunzira ankabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi nkhani yake. Ndinasiya masamu sabata yoyambayo, tinkangokhala n'kumafunsana za amene sanaoneke. Za mayi a ku Muloza tinamva zosiyanasiyana: ena amati ali pa msasa pa sukulu ina, ena amati anawoloka kupita kwa abale awo ku Milange.

Anafika patapita milungu ingapo. Ndinawapeza m'mawa ataima pa khonde la labu, atavala nsapato zazikulu kuposa mapazi awo.

"Mwabwera, mayi."

"Ndabwera, aphunzitsi."

"Kunyumba kuli bwanji?"

"Nyumba ndiye kulibe. Anthu tilipo tonse. Mwana wanga wamng'ono khoma linamugwera, anathyoka mwendo. Tinali naye ku chipatala ku Mishoni, watuluka dzana."

"Munda?"

"Miyala yokhayokha." Anakonza chitenje chawo. "Ndabwera kudzafunsa ngati dzina langa lidakalipo."

Ndinawauza kuti lilipo. Makope awo onse anapita ndi madzi, koma manambala awo akale anali pa khoma, ndipo anzawo anawabwereka manotsi a Lachisanu.

Nthawi yopereka malipoti a magulu inali itayandikira, ndipo gulu lililonse linali ndi vuto limodzimodzi. M'masiku a mvula yaikulu aja mabotolo anasefukira, ena anagwa, ena anakokoloka. Pa magalafu onse, pamene panayenera kukhala mzere wautali kuposa yonse, panali pobooka.

Mnyamata wa ku Milonde yekha ndiye anali ndi manambala. Kwawo nyumba sinagwe. Ataona kuti botolo likudzaza msanga, anagubuduzira pakati pa bwalo mgolo wopanda kanthu, n'kumayeza madzi a mumgolomo ndi ndodo. Tsiku limene gulu lawo linakumana mu labu ndinali pa tebulo langa, ndipo ndinkamva zonse.

"Achemwali, ndawerengetsa," anatero. "Mvula ya kwanu imaposa ya kwathu ndi mlingo wofanana-fanana kuyambira mu Disembala. Ndikachulukitsa ya kwathu ndi mlingo umenewo, tipeza ya kwanu. Tilembe imeneyo."

"Imeneyo ndi nambala yanu, achimwene. Ine sindinayeze."

"Ndiye pakhale pobooka?"

"Pakhale pobooka."

"Atichotsera malikisi. Ndipo inu ndi amene mukuwafuna kwambiri malikisiwo."

"Ndikudziwa."

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinawauza kuti sindigamula. M'malo mwake funso limenelo ndi limene lidzakhale mayeso a ntchito yonseyi. Aliyense m'kalasimo adzabwera payekha, kuima pa galafu ya gulu lake, n'kundiuza chimene akufuna kuika pobookapo ndi chifukwa chake. Kenako ndidzamufunsa mafunso anga.

Mayesowo anatenga masiku angapo, chifukwa ndinkawaitana mmodzimmodzi, ena akudikira pa khonde. Ambiri anali asanayesedwepo pakamwa chiyambire sukulu. Ena ankalankhula bwino kuposa mmene amalembera. Mmodzi anati tiikepo ziro, poti palibe chimene tinayeza. Nditamufunsa ngati akutanthauza kuti masiku amenewo mvula sinagwe, anapempha kuti ayambirenso. Ena anati tiike avereji ya masiku a m'mbuyo, ndipo ndinkawafunsa ngati mvula ija inali ngati ya masiku a m'mbuyo.

Mnyamata uja anabwera ndi zonse zili m'malo. Anafotokoza za mgolo, chifukwa chimene kukula kwake sikunasokoneze muyeso, ndi mmene anapezera mlingo wochulukitsira uja.

"Mlingo umenewu mwaupeza pa mvula ya masiku wamba," ndinatero. "Mukudziwa bwanji kuti unagwiranso pa mvula ija?"

Anayang'ananso galafu.

"Sindikudziwa," anatero. Anaoneka ngati mawuwo amuwawa m'kamwa. "Ndikungoganizira kuti unagwira."

"Ndiye pa galafu mulemba bwanji?"

"Ndijambula ndi mzere wa timadontho. Pansi ndilemba kuti ndi nambala yowerengetsa, osati yoyeza."

Mayi aja analowa cha kumapeto. Anatenga choko, n'kulemba pa bolodi chizindikiro cha "kuposa", kutsogolo kwake n'kulemba kutalika kwa botolo lawo.

"Chimene ndikudziwa n'chakuti nthawi yomaliza imene ndinaliona linali litadzaza mpaka pakamwa. Ndiye mvula inaposa apa. Inaposa ndi zingati, sindikudziwa."

"Nanga njira ya mnzanu uja ili ndi vuto lanji?"

"Mwina ilibe vuto. Koma mvula ija sinkagwa ngati ya masiku onse. Mphepo inkachokera ku Mozambiki, madzi akubwera chopingasa, kulowa ndi pa zenera pomwe. Sindikudziwa ngati kwa iwo kunali chimodzimodzi."

Kenako ndinawafunsa funso limene ndinafunsa aliyense: ngati madzi ozama ngati a m'botolo lawo atayala pa munda wa hekitala imodzi, angakhale malita angati? Milomo inayamba kuyenda. Analemba, kufufuta, kulembanso. Njira anaidziwa, koma maziro anawasokoneza, ndipo yankho lawo linachepa kwambiri. Nditawafunsa ngati madzi amenewo angakwane kukokolola nyumba, anayang'ana nambalayo n'kupukusa mutu, koma pamene panalakwika sanapapeze.

Mnyamata uja anapeza malikisi apamwamba kuposa onse. Mayi aja anapeza apakati, okwererako pang'ono. Pa galafu ya gulu lawo anaikapo zonse ziwiri, mzere wa timadontho ndi chizindikiro chija pambali pake.

Akulu a koleji ataona malikisiwo anandiitananso.

"Awiriwa ayankha zosiyana pa funso limodzi. Zatheka bwanji kuti onse akhoze?"

Ndinawauza kuti sindinkachonga nambala, ndinkachonga zifukwa: ngati munthu akusiyanitsa chimene wayeza ndi chimene akungoganizira, ndiponso ngati angayankhe akafunsidwa mozama.

"Akabwera oyendera ndiwauza zomwezo?"

"Ndidzawauza ndekha."

"Chaka chamawa zimenezi muzilembe poyambirira, ana azidziwiretu chimene mukufuna." Anasaina.

Mayeso olemba a kumapeto kwa chaka anabwera monga mwa masiku onse, mafunso ochokera kunja, onse atakhala m'mizere mu holo. Sayansi mayi aja anakhoza. Masamu analephera, ndipo ngakhale titaphatikiza malikisi a mvula aja anaperewerabe pang'ono. Anawalola kulembanso mayeso obwereza pakutha pa tchuthi.

Pa tchuthipo ndinkabwera ku koleji mwa apo ndi apo kudzachonga mapepala. Kangapo ndinawapeza awiriwo pa khonde la labu. Mnyamata uja ankapalasa njinga kuchokera ku Milonde, mayiwo ankabwera pa kabaza kuchokera kwa mchemwali wawo kumene ankasungidwa. Iye ankalemba pa kabolodi kakale kamene anakatsamiritsa ku khoma, iwo n'kumakopera. Akalakwitsa ankawapatsa samu ina yofanana nayo, ina, inanso, mpaka akhoze. Sankawafunsa maganizo awo pa chilichonse. Sindinalowererepo.

Mayeso obwerezawo mayi aja anakhoza, mopyola malire pang'ono chabe. Tsiku lodzaona zotsatira anabwera ndi mwana uja, akuyenda ndi ndodo, pulasitala atamuchotsa. Anandipatsa moni, n'kumuuza mwanayo kuti andipatsenso moni, kenako anafunsa tsiku lotsegulira.

Mnyamata uja sanamalize nafe. Chaka chachiwiri chili pakati dzina lake linatuluka ku yunivesite, ndipo anapita kukachita za uinjiniya. Anabwera kudzatsanzika ku ofesi, atavala jekete, ndipo tinakambirana za mabuku amene adzafune kumeneko.

Mayi aja anapitiriza. Banja lawo linapatsidwa malo ena kumtunda, kutali ndi mtsinje komanso kutali ndi msewu, moti ankayamba ayenda pansi asanapeze kabaza. M'chaka chachiwiri masamu ndi sayansi kunalibe, choncho sanalinso m'kalasi mwanga. Ndinkawaona pa zenera ali ku dimba la koleji ndi anzawo, atavala majombo, akuphunzira kumezanitsa mbande za mapeyala.